Mitengo ya Mankhwala ndi Zilonda za M'mimba

Achikumbi anzathu, phunziro lathu la mwezi uno si la chimanga kapena mtedza ayi, koma la nthenda imene imagwetsa khasu m'manja mwa munthu wamphamvu, ndiyo zilonda za m'mimba. Aliyense wofika pa msika waukulu wa ku Area 2 mu Lilongwe amaona kuti pambali pa ogulitsa ufa, nyemba ndi usipa pali ogulitsa mizu, makungwa ndi mabotolo a madzi ofiirira, ndipo pa nthenda zimene iwo amatchula, zilonda za m'mimba ndi kutupa sizisowa. Kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe, m'mipanda ya ku Area 3, Area 9 ndi Area 10, eni nyumba ndi antchito a m'maluwa abzala alovera, jinja ndi chammwamba pa chifukwa chomwecho. Tsono funso limene tifuna kuyankha ndi ili: kodi zomerazi zimachizadi? Tinene poyambirira pomwe kuti zina zimatonthoza ululu, zina zili ndi mphamvu yoopsa, koma palibe chimodzi chimene chatsimikizika kuti pachokha chimazula muzu wa nthendayi.

1. Chilonda cha m'mimba nchiyani?

Chakudya chimene timameza chimafikira m'chifu. Chifu chimatulutsa madzi owawasa zedi otchedwa asidi, amene amathandiza kugaya chakudyacho. Asidi ameneyu ndi waukali kotero kuti akadatha kudya chifu chomwe, koma khoma la chifu limadzimata lokha ndi chinthu chonanda ngati therere. Monga chipupa chomatidwa bwino sichiopa mvula, chomwechonso chifu chomatika bwino sichiopa asidi. Koma pamene pakanganuka, asidi amalowa nayamba kukumba, ndipo pamenepo pamabuka chilonda. Chilondachi chimakhala m'chifu mwenimweni kapena pa chiyambi cha matumbo aang'ono.

Wodwala amamva kutentha kapena kuluma pamwamba pa mchombo, m'munsi mwa chifuwa. Ena ululu umawadzutsa pakati pa usiku, ndipo umaleka akadya kanthu. Ena umakula akangotha kudya. Kugeya kawirikawiri, mseru ndi kukhuta msanga zimatsagana nawo. Koma dziwani kuti si kutentha kulikonse kwa pamtima kumene kuli chilonda. Chilungulira, njoka za m'mimba ndi nthenda za ndulu zimafanana nacho, ndipo munthu sangathe kuzisiyanitsa pongomva.

2. Muzu wa nthendayi

Kwa zaka zambiri anthu, ngakhale madotolo amene, ankati zilonda zimadza chifukwa cha maganizo, tsabola ndi kuchedwa kudya. Ankalangiza odwala kumwa mkaka wambiri, koma mkaka umangoziziritsa kanthawi, pambuyo pake chifu chimatulutsanso asidi wina. Mu 1982 madotolo awiri a ku Perth, m'dziko la Australia, a Robin Warren ndi a Barry Marshall, adakwanitsa kuweta tizilombo ting'onoting'ono topezeka m'chifu cha odwala, timene lero timatchedwa Helicobacter pylori. Anzawo adakayika, pakuti ankati palibe kachilombo kangakhale mu asidi wotere. Mu 1984 a Marshall adamwa dala madzi okhala ndi tizilomboti, ndipo patapita masiku owerengeka chifu chawo chidatupa. Mu 2005 awiriwa adalandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi.

Mlimi aliyense wa m'chigwa cha Lilongwe amamdziwa kaufiti. Chimanga chimafota ndi kupinimbira ngakhale mvula ikugwa, chifukwa kaufiti wagwira mizu pansi pa nthaka asanaonekere pamwamba. Mungathirire chimanga chotere, chidzatsitsimuka pang'ono, koma mawa chidzafotanso. Helicobacter ndiye kaufiti wa m'chifu. Amabisala pansi pa chonanda chija, natupitsa khoma la chifu ndi kulifooketsa. Pafupifupi theka la anthu a pa dziko lonse ali naye, ndipo ambiri amamtenga ali ana, kudzera m'malovu, m'madzi oipa ndi m'chakudya chogwiridwa ndi manja osasamba. Ochuluka mwa iwo sadwala konse. Ena ndiwo amabuka zilonda. Mu 1994 bungwe lofufuza za khansa la World Health Organization lidaika kachilomboka m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'chifu. Fodya wosuta ndi kachasu zimachedwetsa chilonda kupola. Tsabola amawawitsa chilonda chimene chilipo kale, koma sayambitsa.

3. Mankhwala a kutupa ndiwo mdani wachiwiri

Apa mvetsetsani bwino, pakuti ambiri amalakwira pomwepa. Munthu akalima tsiku lonse, msana ndi maondo zimaphwanya, ndipo amapita ku golosale kukagula aspirin, brufen, diclofenac kapena indocid. Mapiritsi amenewa amachepetsadi kutupa ndi ululu. Koma mu 1971 katswiri wa ku England, a John Vane, adaonetsa m'mene aspirin amagwirira ntchito: amaletsa thupi kupanga timadzi tina timene timadzetsa kutupa. Tsoka lake nlakuti timadzi ta mtundu womwewo ndito timalamula chifu kuti chidzimate. Motero piritsi lopoza bondo limakanganula khoma la chifu. Amene amamwa mapiritsi otere tsiku ndi tsiku, makamaka okalamba, ali pa ngozi ya chilonda chotaya magazi. Panado sachita zimenezi akamwedwa pa muyeso wake, nchifukwa chake wodwala zilonda amalangizidwa kumwa iyeyo.

Musayese kuti ngoziyi ili m'mapiritsi mokha. Aspirin adapangidwa mu 1897 ndi a Felix Hoffmann ku kampani ya Bayer ku Germany, koma mbiri yake idayambira m'makungwa a mtengo wa m'madambo a ku Ulaya wotchedwa willow, umene anthu ankamwa pofuna kutsitsa kutentha kwa thupi. Kwathu kuno tili ndi bwazi, mtengo wa maluwa ofiirira umene makolo ankapota nawo ulusi wa maukonde. Muzu wa bwazi ukaudula umanunkhira ngati mankhwala opaka pa minyewa, pakuti uli ndi mafuta a mtundu umodzi ndi aspirin. Muzu umenewu ndi ululu ukamwedwa wambiri, ndipo anthu adafapo nawo. Munthu wa chilonda cha m'mimba asaulawe konse.

4. Zomera za m'dimba zimene zimatonthoza

Tiyambe ndi kabichi. Mu 1949 dotolo wina wa ku Stanford ku America, a Garnett Cheney, adapatsa odwala 13 madzi ofinya m'kabichi wamuwisi, pafupifupi lita imodzi pa tsiku, ndipo adalemba kuti zilonda zawo zidapola msanga. Koma odwalawo adali ochepa, ndipo nthawi imeneyo kachilombo kaja kadali kasanadziwike, kotero palibe adaona ngati kadachoka. Kabichi ndi ndiwo yabwino, koma si mankhwala otsimikizika.

Therere lobala nalo lidayesedwa. Mu 2004 akatswiri a ku Germany adapeza kuti madzi onanda a therere lanthete amaletsa Helicobacter kumatirira ku khungu la chifu. Izi adaziona m'chipinda choyesera zinthu, osati m'mimba mwa munthu wamoyo. Dyani therere ndithu, koma chenjerani ndi soda amene amayi amathira pophika. Ena amasungunula sodayo m'madzi namwa pofuna kuzimitsa chilungulira. Amazimitsadi kwa mphindi zowerengeka, koma amabisa nthenda, ndiponso ndi woipa kwa odwala kuthamanga kwa magazi ndi impso.

Nthochi zosapsa za mtundu wophika, zoyanika ndi kusinja, zidayesedwa pa makoswe ku England mu 1984, ndipo ufa wake udateteza chifu cha makoswewo ku zilonda zodza ndi aspirin. Nthochi zakupsa sizidachite chimodzimodzi. Kumbukirani kuti khoswe si munthu. Zambiri zimene timamva za chammwamba nazo zidaoneka pa makoswe. Chimene tikudziwa motsimikiza nchakuti masamba ake ndi ndiwo yopatsa thanzi.

Jinja amathandiza mseru, koma akachuluka amadzetsa chilungulira. Tameriki, muzu wachikasu uja wothira m'ndiwo, wathandiza ena pang'ono pa kupweteka kwa maondo, koma pawokha suchotsa kachilombo ka m'chifu, ndipo makapisozi ake amphamvu adaonongapo chiwindi cha anthu ena.

Tsamba la alovera lili ndi zinthu ziwiri zosiyana. M'kati mwake muli mnofu woyera wonanda, umene umaziziritsa khungu lopsa pang'ono. Pansi pa khungu la tsambalo pali utomoni wachikasu wowawa, umene umatsegula m'mimba mwamphamvu ndi kupotokola matumbo. Amene amanyika tsamba lonse m'madzi amamwa utomoniwo. Mayi woyembekezera, mwana ndi wodwala impso asamwe zimenezi.

Pali phunziro lina lochokera ku Netherlands. Mu 1946 dotolo wina, a Revers, adaona kuti odwala zilonda amene ankamwa mankhwala a muzu wotsekemera wotchedwa liquorice ankapeza bwino, koma ena a iwo ankatupa nkhope ndi miyendo. Kuchokera m'muzuwo akatswiri adapanga piritsi lotchedwa carbenoxolone, ndipo mu 1962 a Richard Doll ndi anzawo ku London adaonetsa kuti limafulumizitsa chilonda cha m'chifu kupola. Komabe linkakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo lidasiyidwa pamene padabwera cimetidine mu 1976, kenaka omeprazole. Taonani tsono: chomera chingakhale ndi mankhwala enieni, koma mphamvu yochiza ndi mphamvu yopweteka zimakhalira limodzi m'muzu umodzi, ndipo chozilekanitsa ndi muyeso.

5. Mitengo ya m'thengo

Nzeru za makolo athu pa mitengo si zopeputsa. Mai Jessie Williamson adasonkhanitsa maina ndi ntchito za zomera zambiri m'buku lawo lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, losindikizidwa ku Zomba mu 1955, ndipo a Brian Morris adalemba za asing'anga a zitsamba m'buku la Chewa Medical Botany mu 1996. Koma kulemba kuti anthu amamwa mtengo wakutiwakuti nkwina, kutsimikiza kuti umachiza nkwinanso.

Muwawani mumaudziwa: mtengo wa maluwa achikasu ophuka mvula isanagwe, wa zitheba zazitali zolendewera, wokonda kumera pa chulu. Makungwa ndi mizu yake ndi zowawa kwambiri, ndipo anthu amamwa pa kupweteka kwa m'mimba. Mtengowu ndi wa banja limodzi ndi zomera zimene amapangira mankhwala otsegula m'mimba, ndipo nawonso umatsegula. Naphini, wa masamba otuwa onyezimira, womera pa dothi lamchenga, ntchito yake ndi yosiyana: muzu wake umamanga m'kamwa monga nthochi yosapsa, ndipo anthu amamwa pofuna kuletsa kutsegula m'mimba. Pa mitengo iwiriyi palibe umene udaonetsedwa pa anthu odwala kuti umapoletsa chilonda cha m'chifu.

Vuto lalikulu ndi la muyeso. Inu mukudziwa kuti chinangwa chimawawa mosiyana malinga ndi mtundu wake, dothi ndi chilala. Momwemonso khungwa la pa chulu ndi la m'dambo, la m'dzinja ndi la m'chilimwe, la mtengo waung'ono ndi la waukulu, mphamvu zake sizilingana. Kapu ya lero ingakhale madzi chabe, ya mawa ingakhale ululu. Ndiponso muzu ukauma ndi kusinjidwa, maso sangadziwe ngati ndi muwawani kapena mtengo wina. Safunsa adadya phula. Funsani wogulitsa dzina la mtengo, kumene adaukumba ndi tsiku limene adaphika. Botolo lopanda dzina, kapena lonenedwa kuti limachiza nthenda makumi awiri, lisiyeni. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi auze dotolo za chitsamba chilichonse chimene akumwa, pakuti zina zimalimbana ndi mapiritsi.

6. Nthawi yothamangira ku chipatala

Ululu wa pamwamba pa mchombo ukapitirira masabata awiri, kapena ukamachoka ndi kubweranso, pitani mukapimidwe. Chipatala cha Bwaila, chimene akale ankachitcha Bottom Hospital, chili pafupi ndi msika womwewu, ndipo nthenda zovuta zimatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, chimene chidatsegulidwa mu 1977. Kachilombo kaja kamapezeka poyeza chimbudzi, ndipo chilondacho madotolo amachiona ndi kachubu kokhala ndi kamera kolowetsa pa m'mero. Mankhwala ake ndi mitundu iwiri kapena kuposerapo ya mapiritsi opha tizilombo, pamodzi ndi piritsi lochepetsa asidi monga omeprazole, omwedwa masiku 10 mpaka 14. Malizani onse ngakhale ululu uleke pa tsiku lachitatu. Wosiyira pakati ali ngati wopalira theka la munda. Tizilombo totsala timalimba, ndipo mankhwala omwewo sadzagwiranso ntchito.

Koma pali zizindikiro zimene sizilola kudikira kuti kuche. Choyamba, kusanza magazi kapena zinthu zakuda ngati khofi. Chachiwiri, chimbudzi chakuda bii, chonanda ngati phula la pa msewu. Chachitatu, ululu waukulu wadzidzidzi, mimba nkuuma ngati thabwa; pamenepo chilonda chaboola chifu, ndipo wodwala afunika opaleshoni tsiku lomwelo. Chachinayi, chizungulire ndi kuyera m'maso ndi m'manja. Wodwala wotere musammwetse chitsamba kapena phala, mnyamuleni. Palinso zizindikiro zodza pang'onopang'ono: kuonda popanda chifukwa, kusanza nthawi zonse mukadya, ndi kutsamwa pomeza nsima. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri, ndipo miyezi yotayika pomwa mizu ndi yomwe dotolo akadathandizira.

7. Kulima ndi kusamala zomerazi

Ngakhale zomerazi sizilowa m'malo mwa chipatala, nzoyenera kukhala pa khomo la mchikumbi aliyense monga chakudya chabwino cha wodwala. Kabichi fesani pa nazale mvula ikamatha, m'mwezi wa March kapena April. Okerani mbande patapita masabata anayi kapena asanu, motalikana masentimita 60, pa dothi lothira manyowa owolerana. Therere lobala bzalani ndi mvula yoyamba, ndipo muyamba kutchola patapita miyezi iwiri. Tcholani lanthete masiku awiri kapena atatu alionse. Jinja ndi tameriki zimabzalidwa zidutswa za muzu zokhala ndi maso, pa malo a mthunzi pang'ono, zophimbira ndi udzu. Zimakhwima pa miyezi 8 kapena 9, ndipo popeza mvula ya ku Lilongwe imatha mu April, mudzafunika kuthirira. Chammwamba chimaphuka mosavuta pozika nthambi kapena pofesa njere.

Masamba odya aawisi afuna chisamaliro chapadera. Mukapopera mankhwala a mbozi, dikirani masiku onse olembedwa pa botolo musanakolole. Ndiwo zogula ku msika, kapena zothiriridwa ndi madzi a mumtsinje wodutsa m'tauni, zitsukeni ndi madzi aukhondo, ndipo nkwabwino kuziphika. Chimbudzi chabwino, madzi owiritsa kapena othira klorini, ndi kusamba m'manja ndi sopo, ndiyo mipanda yotchinga tizilombo ta m'mimba. Amayi aleke kutafunira ana chakudya.

Mitengo ya m'thengo ikutha chifukwa cha kusenda kosasamala. Pansi penipeni pa khungwa pali timisempha timene timatsitsa chakudya kuchokera ku masamba kupita ku mizu. Mukasenda khungwa kuzungulira thunthu, mwadula njira yonse. Mizu imafa ndi njala, ndipo mtengo umauma ngakhale simudaudule. Wofuna khungwa asende kachigamba kakang'ono motsika, mbali imodzi yokha, ndipo asabwererenso pa mtengowo kufikira bala litatsekeka. Wofuna muzu adule umodzi wa m'mbali, asakhudze muzu waukulu wolowa pansi, ndipo akwirire dzenje. Yanikani pa thandala, pa mthunzi podutsa mphepo. Chilichonse chochita chuku tayani, pakuti chuku china chimaononga chiwindi.

Mtsinje wa Lilongwe, umene tauni yonse imamwa, umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, imene idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kutenga za m'nkhalango yotere popanda chilolezo. Njira yabwino ndi kubzala yathuyathu. Tolani zitheba zouma za muwawani, temani pang'ono khungu la njere kapena ziviikeni m'madzi usiku umodzi, fesani m'machubu mu September kapena October, ndipo okerani m'nyengo yobzala mitengo imene imayamba pa 15 December. Wofuna kudziwa dzina lenileni la mtengo afunse alangizi a za nkhalango, kapena a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa mu 1987, limene lili ndi minda yake ku Zomba, ku Mzuzu ndi kuno ku Lilongwe.

8. Zoti tisunge

Zilonda zambiri za m'mimba zimadza ndi kachilombo ka Helicobacter kapena mapiritsi a kutupa. Kabichi, therere ndi nthochi ndi chakudya chabwino chimene chingatonthoze, koma sichizula kachilomboko. Bwazi, utomoni wa alovera ndi mizu yosadziwika dzina zingathe kupweteka. Magazi m'masanzi kapena chimbudzi chakuda ndi nkhani ya chipatala tsiku lomwelo. Mtengo wosendedwa kuzungulira sudzachiritsanso munthu wina.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa kalabu: (a) Kodi kaufiti afanana bwanji ndi kachilombo ka m'chifu? (b) Nchifukwa ninji piritsi lopoza bondo lingabutse chilonda m'mimba? (c) Tchulani zizindikiro zinayi zosalola kudikira. (d) Ndi mitengo iti ya mankhwala imene idali yambiri m'mudzi mwanu kale koma lero ikusowa, ndipo ndani adzatola njere zake chaka chino?

Wakutsina khutu ndi mnansi. Werengerani phunziroli anzanu amene sadziwa kuwerenga, makamaka okalamba amene amamwa mapiritsi a msana tsiku ndi tsiku.